Anandikonza "borrow me": ndingasankhe bwanji mneni woyenera m'Chingerezi?

Funso

Ndimagwira ntchito mu ofesi ndipo makalata ambiri timalemba m'Chingerezi. Sabata yatha ndinalembera mnzanga wa ku nthambi ina kuti: *Please borrow me the file, I want to do a decision before we discuss about it.* Fayilo ananditumizira, koma pansi pa imelo yake anandikonzera malo atatu. Ndinachita manyazi kwambiri chifukwa kusukulu galamala ndinkakhoza. Kodi pali lamulo lothandiza kudziwa mneni woyenera, makamaka *make* ndi *do*? Ndine mayi wamkulu ndithu, zobwerera m'kalasi sindingathe.

Yankho

Mayi, manyaziwo achotseni. Ndaphunzitsa Chingerezi kwa zaka zambiri, ndipo chiganizo chonga chanuchi ndachiwerenga kambirimbiri, cholembedwa ndi anthu a madigiri awo. Nthawi za aneni zili bwinobwino, mawu mwalemba molondola, ndipo mnzanuyo anamva zomwe mumafuna, si uyo fayilo anatumiza. Pamene panavuta ndi pena. Aneni atatu aja munawapeza podzifunsa kuti, "Mawu akutiakuti m'Chingerezi amati chiyani?" Funso limeneli ndi limene limatigwetsa m'mbuna. Mneni wa Chingerezi sasankhidwa ndi tanthauzo lokha ayi. Amasankhidwa ndi dzina limene wayandikana nalo, ndi timawu timene timamutsata, ndiponso ndi mbali imene chinthucho chikulowera.

Tiyambe ndi *borrow*. Ife timati "ndibwereke cholembera", timatinso "ndabwereka cholembera kwa mnzanga". Mneni ndi mmodzi yemweyo, wopereka ndi wolandira onse akukwana momwemo, ndipo tikafuna kuti zimveke bwino timangophatikiza kachidutswa n'kuti "kubwereketsa". Chingerezi tizidutswa totere chilibe. Chinthu chikamabwera kwa inu chimati *borrow*, chikamachoka kwa inu chimati *lend*. Ndiye munali ndi njira ziwiri: *Can I borrow the file?* kapena *Could you lend me the file?* Mawu akuti *borrow me* akusakaniza njira ziwirizi, ndipo amamveka ngati mukupempha kuti munthuyo abwereke inuyo, akunyamuleni n'kukakubwezani mawa.

Apa pali phunziro limene lingakupulumutseni m'malo ambiri. Pamene Chichewa chimasintha mneni ndi kachidutswa kakumapeto, kawirikawiri Chingerezi chimataya mneniyo n'kutenga wina. Kuphunzira ndi kuphunzitsa, iwo amati *learn* ndi *teach*. Kugwa ndi kugwetsa, *fall* ndi *drop*. Kukumbukira ndi kukumbutsa, *remember* ndi *remind*. Kuba ndi kubera, *steal* ndi *rob*. Awiri omalizawa sindiwaiwala chifukwa cha mnyamata wina amene analowa m'kalasi mwanga ali wefuwefu, chikwama chili chotsekula, n'kunena kuti, *Sir, I have been stolen.* Anzake ena anaseka, ena sanaone chosekacho. Iye ankatanthauza kuti waberedwa foni. Koma *steal* amatsatidwa ndi chinthu chimene chatengedwa, pamene *rob* amatsatidwa ndi munthu kapena malo amene aberedwa: *steal a phone*, *rob a man*, *rob a bank*. Mnyamatayo anafunika kunena kuti *My phone has been stolen* kapena *I have been robbed*. Mmene ananenera muja, wobedwa anali iyeyo. Chimodzimodzi *win* ndi *beat*. Chimene mwapambana, kaya ndi masewero, chikho kapena chisankho, chimatenga *win*. Amene mwamugonjetsa amatenga *beat*. *We won the match*, koma *we beat them*, osati *we won them*.

Za mbali imene chinthu chikulowera zimakhudzanso *bring* ndi *take*, komanso *come* ndi *go*. *Bring* ndi kubwera nacho kumene kuli woyankhula kapena womvera, *take* ndi kupita nacho kwina. Pa *come* ndiye ndinapunthwa ndekha. Nditangoyamba ntchito, mkulu wina wochokera kunja anabwera patebulo panga kudzafunsa mapepala. Mapepalawo anali m'chipinda china, ndiye ndinadzuka n'kunena kuti *I'm coming*, uku ndikutuluka. Pobwerera ndinamupeza ataima pakhomo, nkhope ili ndi mafunso. Anandifunsa mwanthabwala kuti ndingabwere bwanji pamene ndikupita. "Ndikubwera" wathu uja, amene timanena tikamachoka kwa kanthawi, iwo amati *I'll be right back* kapena *Just a moment*. *I'm coming* amanena munthu amene waitanidwa ndipo akupita kumene kuli womuitanayo.

Tsopano *make* ndi *do*, amene mwafunsa mwachindunji. Lamulo limene mabuku amapereka lilipo, ndipo si lopanda pake. *Make* amapita ndi chinthu chimene sichinalipo ndipo mwachibweretsa: *make a plan*, *make a list*, *make a noise*, *make a mistake*, *make a decision*, *make a promise*, *make an appointment*. *Do* amapita ndi ntchito imene ilipo kale ndipo ikungodikira woigwira: *do your homework*, *do the washing*, *do the accounts*, *do research*, *do business*. *Do* amapitanso ndi mawu osatchula chinthu chenicheni, monga *do something*, *do nothing*, *do your best*. Lamuloli likuthandizani nthawi zambiri. Koma musalikhulupirire mopitirira, chifukwa limathothoka msanga. *Make the bed* ndi kuyala pabedi, si kukhoma bedi kwa kalipentala, ndipo malinga ndi lamulo lija panafunika *do*. Amati *do damage* ndi *do harm* ngakhale kuti kuwonongekako sikunalipo kale. Amati *make an effort* koma *do your best*, pomwe zinthu ziwirizi n'zapachibale. Amati *do someone a favour* koma *make someone an offer*. Mukawafunsa eni chiyankhulo chifukwa chake, amangoti ndi mmene timanenera.

Musawaone ngati ovuta, chifukwa nafenso timachita zomwezo, kungoti tinazolowera. Ntchito timaigwira. Mlendo atanena kuti "ndikukhudza ntchito" kapena "ndikunyamula ntchito" mukhoza kumuseka, chonsecho kugwira ndi kukhudza sizitalikirana. Khutu timatchera, mlandu timapalamula, banja timamanga, mtima timataya, udindo timatula pansi, foni timaimba ngakhale mulibe nyimbo. Palibe amene anakuphunzitsani lamulo la zimenezi. Munamva "kugwira ntchito" ali mawu amodzi, n'kuwasunga choncho. Akatswiri a ziyankhulo amatcha kuyenderana kwa mawu kotereku kuti *collocation*. Amene anatchukitsa ganizoli ndi J. R. Firth wa ku Britain, yemwe mu 1957 analemba kuti mawu amadziwika ndi anzake amene amayenda nawo. Pambuyo pake John Sinclair ndi gulu lake ku yunivesite ya Birmingham anasonkhanitsa mawu mamiliyoni ambiri pa kompyuta kuti aone mmene anthu amalembera ndi kuyankhulira zenizeni, ndipo ntchito imeneyi inabala dikishonale ya COBUILD mu 1987. Chimene anaona n'chakuti anthu sayala mawu limodzilimodzi ngati njerwa. Mbali yaikulu ya zonena zawo ndi timagulu ta mawu tomangidwa kale.

Choncho nkhani si ya *make* ndi *do* okha. Pali aneni ena ochepa amene amasenza katundu wambiri, ndipo tanthauzo lawo limachokera ku dzina limene akuliperekeza. Mankhwala ife timamwa, ngakhale akhale mapilitsi, koma iwo amati *take medicine*. Chimfine chimatigwira, iwo ndi amene amachigwira: *catch a cold*. Amati *pay attention* ngakhale palibe ndalama, *tell a lie*, *keep a promise*, *run a business*, *miss the bus*, *hold a meeting*, *meet a deadline*, *raise a question*. Nyali kapena wailesi amati *turn on* kapena *switch on*, osati *open*. Mawu ooneka ophwekawa ndi amene ali ozama kwambiri. Akonzi a dikishonale yaikulu ya Oxford atamaliza kukonzanso mneni *run* mu 2011, anapeza matanthauzo 645. Palibe munthu amene angaloweze zimenezo pamndandanda. Mumangotola *run a business* lero, *run out of time* mawa, *run into a friend* mkuja.

Cholakwika chachitatu, *discuss about*, n'chamtundu wina. Mneni munasankha woyenera, koma munamupatsa mperekezi amene samufuna. *Discuss* amagunda dzina mwachindunji: *discuss it*, *discuss the budget*. Chimene chimasokoneza n'chakuti dzina lochokera kwa mneniyu limafuna mperekezi, *a discussion about the budget*, komanso mnzake *talk* amamufuna, *talk about the budget*. Khutu limamva *about* m'malo awiriwa n'kumusamutsira pachitatu. Zomwezi zimachitika ndi *request*, amene anthu amamuika *for* chifukwa cha *a request for* ndi *ask for*; ndi *emphasise*, amene amamuika *on* chifukwa cha *emphasis on*; ndiponso ndi *contact*, *reach*, *attend* ndi *marry*, amene onse amaima okha: *contact the office*, *reach the station*, *attend a meeting*, *she married him*. Ena ndiye sayenda popanda mperekezi wawo: *listen to*, *wait for*, *depend on*, *reply to*, *arrive at* kapena *arrive in*. Taonani *answer* ndi *reply*, tanthauzo limodzi koma zochita zosiyana: *answer my letter*, *reply to my letter*.

Pali malo amodzi pamene Chichewa chimakuthandizani kotheratu, ndipo ndimadabwa kuti aphunzitsi ambiri sapagwiritsa ntchito. *Say* ndi *tell* nthawi zambiri amasiyana ngati kunena ndi kuuza. Simunganene kuti "ndinamunena kuti abwere" mukutanthauza kuti munamuuza. Kuuza kumafuna munthu, kunena kumafuna mawu. *She told me that*, *she said that*. Mukakayikira, dzifunseni m'Chichewa, yankho mulipeza. Koma chenjerani ndi kachidutswa kathu ka *-er-* ndi *-ir-*, kamene kamalowetsa munthu m'kati mwa mneni: kufotokozera, kulembera, kugulira. Chifukwa cha kameneka timafuna kunena *explain me*. Chingerezi chimalola *give me*, *tell me*, *send me*, *show me*, *buy me*, koma chimakana *explain me*, *describe me the place*, *suggest me*. Pamenepa pamafunika *to*: *explain it to me*. Mukayang'anitsitsa muona kuti ololawo ambiri ndi mawu aafupi akalekale, pamene okanawo ambiri ndi aatali, ochokera ku Chifalansa ndi Chilatini. *Give me the money* zimatheka, *donate me the money* sizitheka.

Zimenezi zili ndi mbiri yake. Mu 1066 William wa ku Normandy anagonjetsa England, ndipo kwa zaka mazana angapo Chifalansa chinali chiyankhulo cha kunyumba yachifumu ndi m'makhoti, Chilatini chili cha tchalitchi ndi anthu ophunzira, pamene anthu wamba ankapitiriza Chingerezi chawo. Zotsatira zake n'zakuti lero pa chinthu chimodzi pamakhala aneni awiri, wina wa tsiku ndi tsiku, wina wovala tayi: *ask* ndi *enquire*, *buy* ndi *purchase*, *begin* ndi *commence*, *help* ndi *assist*, *need* ndi *require*. Maganizo anga, ndipo ena akhoza kutsutsa, ndi akuti ife amene Chingerezi tinachiphunzira m'mabuku timakonda kwambiri a tayiwo. Timaganiza kuti mawu aatali ndiwo umboni wa sukulu. Ndinalandirapo uthenga wa pafoni wochokera kwa wophunzira wanga wakale wonena kuti *I wish to inform you that I have commenced my journey.* Palibe cholakwika pa galamala, koma zinamveka ngati chikalata cha boma. *I've just set off* zikanakwana. Polembera mnzanu wa kuntchito, mneni wamfupi ndiye amamveka wachibadwa.

*Set off* watifikitsa pa aneni amene amayenda ndi kamawu kakang'ono, amene m'mabuku amatchedwa *phrasal verbs*. Awa ndiwo mtima wa Chingerezi choyankhula: *put off* m'malo mwa *postpone*, *find out* m'malo mwa *discover*, *turn down* m'malo mwa *reject*, *put up with* m'malo mwa *tolerate*. Kamawu kakang'onoko si kokongoletsa. *Look for* ndi kufunafuna, *look after* ndi kusamalira, *look into* ndi kufufuza, *look up* ndi kuyang'ana mawu m'buku. Mukakasiya, tanthauzo limasintha. *Pick* payekha ndi kusankha kapena kuthyola, ndiye *I'll pick you at five* akunena za kukusankhani. Wodzakutengani pagalimoto amati *I'll pick you up at five*. Onaninso pamene *you* wakhala. Mlowam'malo amalowa pakati: *pick it up*, *turn it off*, *call her back*, osati *pick up it*. Nthawi zina timachita kuwonjezera kamawu kosafunika, monga *cope up with* pamene pamafunika *cope with*.

Mneni wina amene amatipusitsa ndi "kumva". Ife timamva phokoso, timamva kuwawa, timamva fungo, timamva kuzizira, timamva Chifalansa. Iwo amagawa: *hear a noise*, *feel pain*, *smell smoke*, *feel cold*, *understand French*. Kwa dokotala musanene *I am hearing pain*. Ndipo *hear* ndi zimene zangolowa m'khutu, pamene *listen to* ndi kumvetsera mwadala, monganso *see* asiyanira ndi *look at* ndi *watch*. Aneni a mtundu umenewu, onena za mmene zinthu zilili osati zochitika, nthawi zambiri sakonda *-ing*. Ife timati "ndikudziwa", "ndikumva", ndiye lilime limathamangira *I am knowing*, *I am understanding*, *I am having two children*. Zoyenera ndi *I know*, *I understand*, *I have two children*. *I am having a meeting* zimatheka chifukwa pamenepo *have* sakunena za kukhala ndi chinthu, akunena za chochitika.

Mwachidule ndingotchulako za mneni wotsatana ndi mneni mnzake. Ena amafuna *to*, monga *want to go* ndi *decide to go*, ena amafuna *-ing*, monga *enjoy reading*, *avoid going*, *finish writing*. Ochepa amalola zonse koma tanthauzo limasintha: *he stopped smoking* wasiya fodya, *he stopped to smoke* waima kuti asute. Ndipo kumapeto kwa makalata anu muzilemba *I look forward to hearing from you*, osati *to hear*, chifukwa *to* ameneyu ndi mperekezi.

Ndinenepo china, poopa kuti mungayambe kukayikira chilichonse chotuluka pakamwa panu. Si zonse zimene munthu wakukonzani zili zolakwika. Mayeso ku Britain amati *sit an exam*, ku America *take an exam*, pamene ku Canada, ku India ndi ku South Africa *write an exam* ndi yodziwika bwino. *Where do you stay?* pofunsa kumene munthu amakhala imamveka ku Scotland ndi ku South Africa, koma wa ku London akhoza kuganiza kuti mukufunsa za kumene wafikira kwa masiku ochepa, chifukwa iye amati *live*. A ku Britain amakonda *have a shower*, a ku America *take a shower*. Ngakhale *decision* yanu ija, a ku Britain amanenanso *take a decision*. Apa nkhani ndi kudziwa amene mukumulembera. Koma *do a decision* ndiye sanena kulikonse.

Nanga muchite chiyani popanda kubwerera m'kalasi? Sinthani kayang'anidwe kanu ka m'dikishonale. Mukafuna mneni, musayang'ane mneni, yang'anani dzina. Mukanatsekula pa *decision* mukanapeza *make a decision*, *reach a decision*, *come to a decision* zili pomwepo m'zitsanzo. Pa ntchito imeneyi pamafunika dikishonale yolembera ophunzira, osati ya eni chiyankhulo, chifukwa ya eni chiyankhulo imaganiza kuti zimenezi mukuzidziwa kale. Madikishonale a mtunduwu anayamba ndi aphunzitsi onga A. S. Hornby, amene anaphunzitsa Chingerezi ku Japan n'kuona kuti ophunzira ake matanthauzo ankawadziwa koma kulumikiza mawu kunkawavuta. Ya Oxford, ya Cambridge ndi ya Longman zonse zili pa intaneti ndipo mukhoza kuzitsekula pafoni. Tanthauzo muziliwerenga mothamanga, nthawi yanu ithere pa zitsanzo, ndipo muziona kamawu kamene kakubwera pambuyo pa mneni.

Kenaka khalani ndi kabuku, kapena tsamba m'foni, kolembamo timagulu ta mawu, osati mawu amodziamodzi. Musalembe *apologise* basi. Lembani *apologise to someone for something*, pansi pake chiganizo chanuchanu chokhudza ntchito yanu. Musavutike ndi mindandanda ya aneni 500 imene anthu amatumizirana pa WhatsApp, chifukwa pofika Lachisanu mudzakhala mutaiwala. Ofesi iliyonse ili ndi mayina ake okwana mwina 30 amene amabwerabwera: *meeting*, *report*, *deadline*, *invoice*, *leave*, *complaint*, *payment*. Tengani limodzi patsiku, mupeze aneni atatu kapena anayi amene amayenda nalo. *Submit a report*, *draft a report*, *go through a report*. *Apply for leave*, *take leave*, *be on leave*. Maimelo amene mumalandira kuchokera kwa anthu olemba bwino ndi buku laulere. Muziwawerenga kachiwiri, ulendo uno mukuyang'ana aneni okha. Ndipo chimene mwatola muchigwiritse ntchito tsiku lomwelo, ngakhale mokakamiza, kuti lilime lichizolowere.

Tibwerere ku imelo yanu. Kupatula malo atatu aja, ine ndikanasinthanso awiri amene mnzanuyo sanawakhudze. *I want to* si yolakwika, koma polembera munthu wa kuntchito imamveka youma pang'ono, *I'd like to* ndiye yofewa. Ndipo ulemu wa Chingerezi sukhala mwa *please* yekha. Ife ulemu timauika mwa "mu-" ndi "-ni", iwo amauika posandutsa lamulo kukhala funso, n'chifukwa chake *Could you* amaposa *Please* wotsatidwa ndi lamulo. Komanso ngati fayiloyo ndi ya pa kompyuta, palibe chobwereka, poti simudzabweza. Mneni wake ndi *send*. Ndiye ikanakhala motere: *Could you send me the file? I'd like to make a decision before we discuss it.*